Kukatenga Dothi la Layisoni ku Nolowe

Pa Kachulu pano palibe amene sadziwa mawu anga. Ndikaitana bwato ndili pa doko, a ku chilumba cha Chisi amatembenuka. Ndine Wilisoni Namakhwa, khukhi wa m'sitima za pamadzi, munthu amene ndaphikira akaputeni ku Beira, ku Debeni, ku Mombasa mpaka ku Bombeyi. Sukulu ndinangoinunkhiza, koma pensulo ndimagwira. Nkhani ya ulendo wanga wa ku Nolowe ndaifotokoza kambiri, pa mowa ndi pa maliro pomwe, koma nthawi zonse ndimaidula mchira. Lero ndiilemba yonse, poti mlongo wanga Esinati, amene ankaudziwa mchirawo, tamuika mwezi wathawu.

Esinati anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Layisoni. Amene anamchotsa pamudzi ndine. Mayi wake anakana, mkazi wake Lute analira, koma ine ndinati mwamuna wamphamvu chotere asakalambire pa kuyanika matemba. Ndinamlembetsa ntchito m'sitima ya Anolowe imene ndinkaphikamo. Patatha zaka ziwiri eni ake anamsamutsira m'sitima yawo ina yopita kwawo kumpoto. Kumeneko chifuwa chinamgwira, anamtsitsa, nkumpititsa ku chipatala china cha kumapiri. Kalata inandipeza ku Debeni. Inati wamwalira, amuika pa tchalitchi cha pamalo otchedwa Lingebu.

Ndinabwera nayo kalatayo kuno. Esinati anaigwira, anaitembenuza, nkundibwezera.

"Achimwene, ine ndinakupatsani munthu. Inu mukundibwezera pepala?"

Kwathu kuno munthu akafera kutali, mtembo nkulephereka kubwera nawo, timakatapa dothi la pa manda ake, la kumutu, nkudzalikwirira pa manda a makolo. Zikatero ndiye kuti wafika. Anthu amameta maliro, mkazi amamsudzula, moyo nkumapita. Esinati anati lumo silidutsa pamutu pake, ndiponso Lute sachoka pakhomo, mpaka dothi litabwera. Akuluakulu anamnyengerera kuti takwirirani nsalu yake basi, ku Ulaya si ku Mulanje. Iye osamva.

Ine ndiye ndinaimirira pa doko, asodzi onse alipo, ndinadziguguda pachifuwa. "Ine Namakhwa! Ngakhale atamuika kuseri kwa dzuwa, ndikamtenga!" Pakamwa panga pamenepo.

Tsiku lonyamuka Esinati anandipatsa kachitini ka fodya wa mphuno. M'katimo anadzazamo dothi la kuseri kwa nyumba, pamene anakwirira mchombo wa Layisoni. "Ili mukathire pamenepo kuti adziwe kuti ndife. Chitinichi chibwere ndi lake."

Za panjira yopita sindichulutsa. Wapansi mpaka ku Zomba, basi mpaka ku Limbe, sitima ya pamtunda mpaka ku Beira. Chovuta chinali kupeza sitima yopita kumpoto. Ndinadikira chaka chathunthu ndi miyezi, chitini chili m'bokosi, mpaka ndinalola kulowa m'sitima ina ngati wotsuka mapoto, ine munthu woti ndinkaphikira kaputeni. Tinakocheza ku Osilo, mzinda wawo waukulu, mu Januwale. Sitima inalowa m'doko kuti aikonze. Anati pakatha masiku asanu ndi limodzi tinyamuka, wotsala atsale.

Mmene ndinatsika, Ambuye! Dziko lonse mbuu, ngati wina wakhuthula ufa woyera kuyambira pa madenga mpaka pa mitengo. Chipale chimenecho. Mpweya ukalowa m'mphuno unkaluma ngati tsabola. Ndinavala masokosi atatu, majuzi awiri ndi jekete langa lakuda la ku Debeni, koma zonsezo zinali ngati ndavala ukonde.

Amene anandithandiza ndi Pedala, Mnolowe wa ku injini, munthu wamtali ngati mgwalangwa, wosalankhulalankhula. Ankamdziwa Layisoni, anagwirapo naye ntchito. Tinkamvana m'Chingerezi cha m'sitima ndi Chilapalapa chimene anatola ku Debeni. Mlamu wake anali ndi lole yonyamula migolo ya nsomba zamchere kupita kumapiri, ndipo msewu wake unkadutsa pa Lingebu penipeni. Anati tikwere imeneyo, malipiro ake tithandize kutsitsa migolo.

Tsiku loyamba linathera pa kudikira. Tinafika pa malo opakirira m'mawa, atiuza kuti migolo sinafike. Masana, akuti yafika koma injini yauma ndi chisanu. Ine mtima uli m'mwamba, ndikuwerenga masiku pa zala. Pedala poona kuti ndiyamba kutukwana, anati, "Wilisoni, iwe ndiwe munthu wa mabwato. Tiye ukaone bwato."

Ananditengera ku nyumba ina yaikulu ngati tchalitchi. Kulowamo, ndinangoti kukamwa yasa. Ngalawa yakuda, yaitali, ya matabwa osanjikizana, mphuno yake yopindika m'mwamba ngati khosi la kakowa, yozokotedwa njoka ndi zilombo. Mabwato athu a pa Chilwa khumi atha kulowamo malo nkutsala. Anati ndi ya makolo awo akalekale, amene ankapalasa ndi nkhafi mpaka kumaiko a eni ake. Ndinaizungulira kawiri. Mmisiri amene anaipangayo ndinamvulira chipewa.

"Nanga munaisunga bwanji osaola?" ndinafunsa.

"Inali pansi. Anaikamo mfumukazi itamwalira, pamodzi ndi akavalo ake ndi katundu wake, nkuundapo chulu chachikulu."

"Manda?"

"Manda."

"Ndiye inu nkufukula?"

"Anthu ophunzira anafukula."

"Nkumalipiritsa anthu pakhomo kuti adzaone?"

Pedala anangokweza mapewa. Ine chipewa ndinabwezera kumutu nkutuluka. Kwathu kuno wofukula manda timamdziwa dzina lake. Kuyambira pamenepo mumtima mwanga munalowa kanthu. Ndinati anthu awa ndi aulemu, sakukalipira, sakukuba, koma manda sawaopa. Ndipo mwana wathu ali m'manja mwawo.

Tinanyamuka tsiku lachiwiri kuli mdima, ngakhale wotchi inkati eyiti koloko. Dzuwa la kumeneko nthawi imeneyo ndi laulesi, limatuluka mochedwa, limangosuzumira, pofika fili koloko lapita. Kutsogolo kwa lole tinapanikizana atatu. Mlamu wa Pedala, dzina lake Aniseni, anali wamfupi wonenepa, kaliwo pakamwa osachoka. Ankandiyang'ana nkumaseka, kenaka nkundipatsa buledi wopaka chinthu china chofiirira chotsekemera chimene iwo amati tchizi. Ndinadya chifukwa cha ulemu.

Pa Eyidisivolo tinaima kumanga matcheni ku matayala. Pedala anandilozera chinyumba choyera cha matabwa, chachitali, chili zii pakati pa mitengo. Anati m'menemo ndi mmene akuluakulu awo anasonkhana kalekale nkulemba malamulo oti dziko lawo lizidzilamulira lokha. Ndinati, "Mutibwereke nyumbayi sabata imodzi, kwathu atikakamiza Chitaganya." Pedala anamasulira, Aniseni anaseka mpaka kaliwo anagwa.

Kupitirira apo msewu unatsata nyanja yawo yaikulu, Miyosa. Ndinafunsa kuti nyanjayo ili kuti, poti ndinkangoona dambo loyera. Anati ndi imeneyo, yauma pamwamba. Ndinaona ndi maso angawa munthu ali pa ngolo ya kavalo pakati pa nyanja, wina wakhala pa kampando waboola kauna akuwedza. Ife Chilwa chikaphwa timapita ku Chisi wapansi, koma kumakhala kulira, ndi njala imeneyo. Iwo akuyenda pamwamba pa madzi nsomba zili pansi pa mapazi awo.

Pa Hamala tinatsitsa migolo isanu. Pamphepete pa nyanja pali zipilala za miyala zinayi kaya zisanu, zolumikizana pamwamba, zotsala za tchalitchi chachikulu chimene adani anatentha pa nkhondo zakale. Denga palibe, khoma palibe. Zaima zokha ngati nthiti za ng'ombe yofera m'dambo. Anolowe amazisunga, salola munthu kutengapo mwala. Ndinati mumtima, anthu odabwitsa, miyala amaisamala, akufa awo amawafukula.

Tsoka linatipeza tisanafike pa Lilehama. Pa kona ina lole inayamba kuvina, Aniseni akupotoza chiwongolero uku ndi uku, basi phwaa, m'ngalande. Palibe anavulala, koma migolo itatu inagubuduka, umodzi nkusweka, nsomba mbwee pa chipale. Tinakhala pamenepo maola anayi. Galimoto yodutsa panalibe. Ndinkapondaponda kuti miyendo isafe, zala za kumanja sindinkazimva. Ndinagwira chitsulo cha lole ndi dzanja lopanda golovesi, khungu linamatirira, pochotsa linatsala pomwepo. Potsiriza kunabwera mlimi ndi akavalo awiri akuluakulu, anatikoka. Malipiro ake anatola nsomba zotayikazo. Tinagona kwa mlimi yemweyo. Mkazi wake anandimanga dzanja ndi nsalu, ndipo ndinamuona akupukuta m'maso Pedala atamuuza chimene ndadzera.

Tsiku lachitatu lole inakana kulira mpaka masana. Titatsitsa katundu pa Lilehama, Aniseni ananena poyera. Pa Lingebu atisiya, apitirire kumtunda kukatsitsa migolo yotsala, pobwera atitenge dzuwa likamalowa. Kugona ayi, chifukwa kumwamba kwada, chipale china chikubwera, msewu ukatsekeka sitima itisiya.

Tchalitchi cha pa Lingebu chili pa phiri, pamwamba pa mudzi. Tinakwera wapansi, chipale chikufika m'mawondo. Ndaona matchalitchi ambiri, koma chotere ayi. Chonse ndi cha mitengo, chakuda bii chifukwa cha phula limene akhala akupaka zaka mazanamazana, kansanja kake kofiira kosongoka ngati mkondo. Chinkanunkha ngati bwato latsopano. Pedala anati chinamangidwa agogo a agogo awo asanabadwe, nsanamira zake ndi mitengo yathunthu yoimika, ndipo chiswe kumeneko kulibe. Zonsezo ndinkamva ndi khutu limodzi. Maso anga anali pa mitanda imene inkangoonekera mitu pamwamba pa chipale.

Woyang'anira manda, mdzukulu wa kumeneko tinene, anali nkhalamba yopindika msana, ya ndevu zoyera. Atamva dzina anagwedeza mutu, sanafune ndi buku lomwe. Anatitengera kumapeto, pafupi ndi mpanda wa miyala. Anafosholapo chipale, panatuluka kamtanda koyera ka thabwa. Zilembo ndinaziwerenga ndekha, chimodzichimodzi. Layisoni Nyasa. Dzina la bambo ake sanalidziwe, anangomlemba dziko.

Ndinagwada. Ine amene mawu anga amafika ku Chisi, ndinalankhula monong'ona. Ndinangoti, "Layisoni, ndine amalume ako. Ndabwera." Ndinatsegula chitini, ndinathira dothi la mayi ake kumutu. Linaoneka lofiira pa zoyerazo ngati bala.

Kenaka ndinatulutsa mpeni wanga wa kukhitchini kuti nditape. Kubaya, ngwee! Ngati ndabaya chitsulo. Kubayanso, nsonga inathyoka. Ndinapempha piki. Nkhalamba ija inabweretsa, ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, piki inangodumpha, dzanja lovulala lija linayamba kutuluka magazi. Nthaka ya kumeneko nthawi yachisanu imauma kuposa mwala, mpaka kuya kwa chiuno cha munthu.

Nkhalamba inalankhula ndi Pedala, nkupita ku kanyumba kake. Inabwerera itanyamula ndowa ya makala, nkhuni zowaza ndi lata. Inayamba kuyala nkhunizo pa manda, kumutu kwenikweni kwa Layisoni.

"Akutani ameneyu?" ndinafunsa.

"Akoleza moto," anatero Pedala. "Avundikira ndi lata. Pakatha ola limodzi kaya awiri pamwamba pafewa, utapa dothi lako. Ndi mmene timakumbira manda nthawi ino."

Moto pa manda! Ngalawa ija ya ku Osilo inandibwerera m'maso. Ndinalumpha, ndinamenya nkhuni zija ndi phazi, zinamwazika. "Ayi! Mwana wathu si mbewa yoti muifukize! Uwauze, Pedala, kwathu woyatsa moto pa manda ndi mfiti! Munayamba ndi mfumukazi yanu, lero mukufuna wathu?" Mawu anga anagunda phiri nkubwerera. Akhwangwala anauluka pa kansanja.

Pedala anandigwira phewa. "Wilisoni, mkuluyu ndi amene anamuika. Anaika mkazi wake yemwe mwanjira imeneyi. Lola."

"Ine Namakhwa ndati ayi!"

Nkhalamba sinakwiye. Inatola nkhuni zake imodziimodzi, nkuzibwezera m'manja. Inanena mawu pang'ono, Pedala anamasulira. Akuti tsiku loika malirowo anali anthu atatu okha, iye, abusa ndi namwino mmodzi, ndipo chilimwe chilichonse amadzalapo maluwa poti anaona kuti mlendoyu alibe womuyendera. Ndinamva, koma khosi linali litauma kale. Munthu ukakuwa pagulu, kubweza mawu kumalemera kuposa mgolo.

Kunayamba kuda. Ndinagwadanso ndi mpeni wothyoka uja, ndikugogoda, ndikupala, mpaka tinatuluka tizibenthu takuda, tolimba. Ndinati si ili dothi! Ndinadzaza chitini, ndinatseka, ndinaika m'thumba la m'kati la jekete, pamtima, poti mwana sanyamulidwa m'bokosi la katundu. "Waona?" ndinamuuza Pedala. "Popanda moto wanu." Iye anayang'ana nkhalamba, nkhalamba inayang'ana pansi. Kumunsi lole inali ikuimba hutala.

Tinayenda, chipale chikugwa kumbuyo kwathu ngati chikutithamangitsa. Tinagonanso kwa mlimi uja, ine jekete osavula. M'mawa tili pa msewu, chakufupi ndi Hamala, ndinamva kuzizira pa nthiti. Kupisa dzanja, thumba lanyowa, juzi yanyowa. Ndinatsegula chitini. Munali timadzi pang'ono pansi, ndi timasamba tiwiri ta paini. Basi. Zimene ndinapala zija sanali dothi, anali madzi oundana akuda amene anakuta manda pamwamba. Thupi langa lomwe linawasungunula, nkutuluka pa chivundikiro.

"Imani! Bwererani!" ndinakuwa.

Aniseni anaimitsa lole, anachotsa kaliwo pakamwa. Nthawi imeneyi sanaseke. Pedala anati, "Kumtunda msewu watsekeka usiku wathawu. Ngakhale utatseguka mawa, sitima siidikira." Ndinatsika, ndinaima pamsewu kuyang'ana kumene tachokera. Kunalibe phiri, kunalibe mtengo, kuyera kokhakokha. Anandisiya ndiime mpaka ndinakwera ndekha.

Miyezi itatu pambuyo pake ndinatsika basi pa Zomba, chitini chitauma gwa, chopanda kanthu. Mbiri inali itafika kale kuti Namakhwa akubwera naye Layisoni. Njira ya ku Kachulu ndinaiyenda ngati ndikupita kokanyongedwa. Nditafika pa Govala ndinapatuka, ndinalowa kuseri kwa chulu china, ndinagumula dothi, ndinalipera ndi mwala, ndinadzaza chitini. Ndinati dothi ndi dothi, adziwa ndani.

Pamudzi anthu anali atasonkhana, lumo lili lokonzeka. Lute anali pa khonde, tsitsi lake la zaka ziwiri litapotana ngati chisa. Esinati anandiitanira kuseri kwa nyumba, tili awiri. Anali atawonda, maso atalowa. Analandira chitini ndi manja awiri, anatsegula, ananunkhiza. Kenaka anatapa pang'ono ndi chala, nkuika pa lilime.

Anatseka chitini.

"Achimwene," anatero motsitsa, "dothi la pachulu ili. La kwathu konkuno. Ndinalidya miyezi isanu ndi inayi ndili ndi pakati pa Layisoni. Mukuti ndingaliiwale?"

Ndinakhala pansi, ndinamuuza zonse, ngalawa, tchalitchi chakuda, kamtanda, piki, nkhalamba ya makala, madzi. Sanandidule. Nditamaliza anafunsa, "Madziwo anapita kuti?"

"Analowa m'jeketemu."

"Munachapa?"

"Ayi."

"Vulani."

Anakatenga lumo lomwe lija lometera maliro, anadula thumba lonse la m'kati pamodzi ndi nsalu ya kunja kwake. Dothi la pa Govala anakhuthulira ku dzala. Nsaluyo anaipinda bwinobwino, anaiika m'chitini pamodzi ndi timasamba tija, timene ndinali nditasunga m'chikwama. Anatuluka nkuuza anthu kuti, "Achimwene abwera naye." Tinakwirira chitini pa manda a makolo. Anthu anameta. Lute anamsudzula, chaka chotsatira anakwatiwa ku Chisi, pano ali ndi ana awiri. Asodzi anandinyamula m'mwamba, akuti Namakhwa ndi mwamuna, akanena wanena. Ine ndinalola kunyamulidwa.

Esinati sanauze munthu, mpaka tamuika. Sananditukwane, sanandimane madzi akumwa. Anangonena mawu amodzi, madzulo a tsiku lometalo, anthu atabalalika, akusesa tsitsi pabwalo. Sanandiyang'ane nkomwe.

"Mwati kumeneko kumazizira mpaka nthaka kuuma ngati chitsulo?"

"Ee, chemwali."

"Ndiye mwana wanga wagona m'chisanu chotero zaka zonsezi, munthu wachifundo nkubwera ndi moto, inu nkukana?"

Anapitiriza kusesa.

Jekete lija ndimavalabe. Anthu pa doko amaseka, amati a Namakhwa anayenda dziko lonse koma telala sakumudziwa. Mwezi wa Juni mphepo ikamachokera pa nyanja imalowera pa chibowo pomwepo, pa nthiti za kumanzere. Sinditseka.